Ulendo wa pa sitima ya TAZARA kudutsa m'mapiri: mafunso ndi mayankho

Anthu ambiri anamvapo za sitima ya TAZARA koma sanaikwerepo, ndipo akayamba kuganiza zoikwera mafunso awo amakhala omwewomwewo: njirayo ndi yaitali bwanji, mapiri ali pati, munthu amagona bwanji, amadya chiyani. Mayankho ali m'munsiwa alembedwera munthu amene akufuna kukwera sitimayi kuti aone dziko ndi maso ake.

Kodi sitimayi imachokera kuti ndipo imathera kuti?

Njanji ya TAZARA imayambira mumzinda wa Dar es Salaam, m'mphepete mwa nyanja yamchere ya Indian Ocean, n'kukathera ku New Kapiri Mposhi m'chigawo chapakati cha Zambia. Kutalika kwake ndi makilomita 1,860, ndipo oposa theka ali mbali ya Tanzania. Ikachoka ku Dar es Salaam imadzera ku Kisaki, Mang'ula, Ifakara, Mlimba, Makambako, Mbeya ndi Tunduma. Ikaoloka malire pa Nakonde imapitirira ku Kasama, Mpika ndi Serenje mpaka kumapeto. Eni ake ndi maboma awiriwa kudzera m'bungwe la Tanzania-Zambia Railway Authority.

Musaisokoneze ndi sitima yamagetsi yatsopano yochokera ku Dar es Salaam kupita ku Morogoro ndi Dodoma, imene inayamba kunyamula anthu mu 2024. Imeneyo ndi njanji ina, ili ndi siteshoni yakeyake. Siteshoni ya TAZARA ili pamene msewu wa Nyerere ukumana ndi wa Nelson Mandela, cha njira ya ku bwalo la ndege.

Ulendo wonse umatenga nthawi yaitali bwanji?

Pa ndandanda, sitima yothamanga ya Mukuba Express imatenga masiku awiri osakwana pang'ono, kutanthauza kuti mumagona m'sitima usiku kawiri. Ya Kilimanjaro imaima pafupifupi pa siteshoni iliyonse, choncho imachedwerapo. Koma zoona zake n'zoti kuchedwa ndi maola angapo si chinthu chachilendo pa njanji imeneyi, ndipo nthawi zina kumafika theka la tsiku kapena kupitirira.

Zifukwa zake n'zodziwika. Njanjiyi ndi imodzi yokha, moti sitima ziwiri zikakumana ina imayenera kudikira pa siteshoni kuti inzake idutse. Malo ena njanji inakalamba ndipo oyendetsa amalamulidwa kuchepetsa liwiro. M'nyengo ya dzinja dothi limagumuka m'mapiri. Ndiye ngati muli ndi tikiti ya ndege kapena ukwati woti mukafikire, siyani tsiku lathunthu lapadera pakati. Masiku onyamukira sitima nawonso amasintha, ndipo pakhala nthawi zina pamene sitima zinkangolekeza m'malire. Funsani ku siteshoni musanakonze china chilichonse.

Nanga mapiri enieniwo ali pati?

Ili ndiye funso lofunika kwambiri, chifukwa si ulendo wonse umene uli m'mapiri. Makilomita mazana angapo oyambirira kuchokera ku Dar es Salaam ndi dziko lotsika, lotentha, la tchire ndi milambe. Mapiri amayamba kuonekera mukamayandikira Mang'ula, pamene mapiri a Udzungwa amaima ngati khoma kudzanja lamanja, atakutidwa ndi nkhalango yowirira kuyambira m'tsinde mpaka pamwamba. Kudzanja lamanzere kuli chigwa chachikulu cha Kilombero, chodzaza ndi minda ya mpunga ndi nzimbe. Apa sitima sinayambe kukwera. Imangoyenda m'tsinde, kudutsa Ifakara mpaka ku Mlimba.

Ikangochoka pa Mlimba zinthu zimasintha. Kuchokera pamenepo kukafika ku Makambako ndi makilomita 158, ndipo pa mtunda umenewu sitima imakwera mamita oposa 1,000 kuchoka m'chigwa kufika pamalo okwera mamita oposa 1,600. Njanji imakhotakhota m'mbali mwa zitunda, kulowa m'ngalande zoboola phiri, kutulukira pamwamba pa phompho, kulowanso mu ina. Njanji yonse ya TAZARA ili ndi ngalande 22 ndi milatho 320, ndipo ngalande zambiri pamodzi ndi milatho yochititsa nthumanzi kwambiri zili m'chigawo chimenechi. Mlatho wa pa mtsinje wa Mpanga waima pa zipilala zazitali mamita 50. Mukasuzumira pazenera simuona njanji pansi panu, mumangoona nsonga za mitengo ndi madzi kutali pansipo.

Pokhota, ngati muli m'mabogi akumbuyo, mumaona mutu wa sitima uli kutsidya kwa chigwa ukufuka utsi, mabogi onse atapinda pambuyo pake. Midzi kuno ndi yapatalipatali, ndipo malo ambiri kulibe msewu wodalirika, moti sitimayi ndiyo basi yawo, ndiyonso msika wawo. Ine ndimati amene sanaone chigawo cha Mlimba ndi Makambako sanaione TAZARA.

Kuchokera ku Makambako njanji imatsetsereka pang'ono kulowa m'mphepete mwa dambo la Usangu, mapiri a Kipengere ali kumwera, kenako imakweranso kufika ku Uyole pafupi ndi Mbeya. Pamenepo ndi pamalo okwera kuposa ena onse pa njanjiyi, mamita 1,789. Mzinda wa Mbeya wazunguliridwa ndi mapiri, ndipo kupitirira pamenepo sitima imadutsa m'dera la khofi la Mbozi isanafike ku Tunduma.

Kodi mapiriwo ndidzawaona masana, kapena sitima imadutsapo usiku?

Apa pamafunika kuganiza bwino musanagule tikiti. Sitima yakhala ikunyamuka masana kapena chakumadzulo kumbali zonse ziwiri. Mukachokera ku Dar es Salaam, mdima umakugwerani musanafike ku Ifakara, pa Mlimba mumafika pakati pa usiku, ndipo kumacha muli kale pamwamba, mukumaliza kukwera kulowera ku Makambako. Kuyambira m'bandakucha mpaka masana onse mumaona mapiri, dambo la Usangu ndi Mbeya. Mukachokera ku Zambia zimatembenuka: Tunduma ndi Mbeya mumaziona masana, kutsika kwa ku Mlimba kumachitika usiku, koma m'mawa wa tsiku lomaliza umakupezani m'nkhalango ya nyama.

Choncho wofuna mapiri achokere ku Dar es Salaam, wofuna nyama achokere ku Zambia kapena ku Mbeya. Ndipo kuchedwa kumene anthu amadandaula nako nthawi zina kumapindulitsa: sitima yochokera ku Dar es Salaam ikachedwa maola asanu kapena asanu ndi limodzi, chitunda chonse cha Mlimba mumachikwera dzuwa likuwala. Mulimonse mmene zingakhalire, dzukani kusanache. Nkhungu imakhala itadzaza m'zigwa, nsonga za mapiri zokha zikuoneka, ndipo dzuwa likangokwera pang'ono imabalalika.

N'chifukwa chiyani sitima imayenda pang'onopang'ono chonchi pokwera phiri?

Gudumu lachitsulo pa njanji yachitsulo limaterera mosavuta. Kutereraku n'kumene kumachititsa kuti injini imodzi ikoke katundu wolemera kwambiri pamalo athyathyathya, koma pa chitunda kumasanduka vuto. Galimoto imakwera malo otsetsereka kwambiri chifukwa matayala ake amagwira phula. Sitima wamba imafuna njira yokwera mamita awiri okha kapena ocheperapo pa mamita 100 aliwonse. N'chifukwa chake amisiri samanga njanji molunjika pamwamba pa phiri. Amaizunguliza m'mbali mwa zitunda kuti mtunda utalike, kukwera kuchepe. Pamene phiri latchinga amaboola, pamene pali chigwa amamanga mlatho.

Pokhota paliponse sitima iyeneranso kuchepetsa liwiro. Mvula kapena mame zikanyowetsa njanji, injini imathira mchenga patsogolo pa magudumu kuti agwire. Potsika ndiye pofunika kusamala koposa, chifukwa kulemera konse kwa mabogi kumakankha kuchokera kumbuyo. Mukamva kulira kwa zitsulo ndi kugwedezeka pa mtsetse, ndi mabuleki akugwira ntchito yawo.

Anamanga njanji imeneyi ndani, ndipo chifukwa chiyani anadzera malo ovuta chotere?

Zambia italandira ufulu mu 1964, pafupifupi mkuwa wake wonse unkatuluka kudzera kumwera, m'mayiko amene ankalamulidwa ndi azungu ochepa kapena ndi Apwitikizi. Mu Novembala 1965 Ian Smith, mtsogoleri wa boma la azungu ku Rhodesia (Zimbabwe ya lero), analengeza kuti dzikolo ladzipatula kwa Britain, ndipo khosi la chuma cha Zambia linali m'manja mwa boma lodana nalo. Atsogoleri Kenneth Kaunda wa Zambia ndi Julius Nyerere wa Tanzania anafuna njira ina yopita kunyanja yosadzera kumwera. Njira imeneyo inayenera kulunjika ku doko la Dar es Salaam, ndipo pakati pa Zambia ndi dokolo pali mapiri a kumwera kwa Tanzania. Panalibe kuchitira mwina koma kuwakwera.

Banki Yaikulu ya Dziko Lonse ndi mayiko a azungu sanafune kuikapo ndalama, ponena kuti njanjiyo sidzapindula. China inavomera. Mgwirizano wa mayiko atatuwa unasainidwa ku Beijing mu Seputembala 1967, ndipo China inapereka ngongole yopanda chiwongoladzanja ya ndalama pafupifupi madola 500 miliyoni a ku America, imene pa nthawiyo inali thandizo lalikulu kuposa lina lililonse limene dzikolo linaperekapo kunja. Ntchito inayamba mu Okutobala 1970. Njanji inafika m'malire pa Tunduma mu 1973, ku Kapiri Mposhi mu 1975, ndipo inaperekedwa m'manja mwa maboma awiriwa mu Julayi 1976. Anthu anaitcha njanji ya Uhuru, kutanthauza ufulu m'Chiswahili.

Anthu zikwi makumi ambiri a ku Tanzania, Zambia ndi China anagwira ntchitoyi, yambiri ndi mapiki ndi mafosholo. Oposa 160 anataya miyoyo, ndipo oposa 60 mwa iwo anali Atchaina. Manda a ena mwa iwo ali ku Gongo la Mboto mumzinda wa Dar es Salaam. Chigawo cha Mlimba ndi Makambako ndicho chinawavuta kwambiri, chifukwa dothi lake ndi lofewa, limagumuka mvula ikagwa, ndipo malo ena ankakumba n'kupeza matope okhaokha. Ndi bwino kukumbukira zimenezi pamene sitima ikulowa m'ngalande: munthu wina anaboola pamenepo ndi manja.

Anasankha kuti mpata wa pakati pa zitsulo ziwiri za njanji ukhale mamilimita 1,067, wofanana ndi wa njanji za Zambia ndi kumwera konse kwa Africa. N'chifukwa chake sitima ya alendo olemera ya Rovos Rail imatha kuchoka ku Cape Town mpaka ku Dar es Salaam. Njanji yakale ya pakati pa Tanzania ndi ya mita imodzi, moti ziwirizi sizilowana. Mu Seputembala 2024 atsogoleri a mayiko atatu aja anachitira umboni mgwirizano wina ku Beijing wokonzanso njanjiyi.

Ndi zoona kuti munthu amaona nyama zakutchire ali m'sitima?

Inde. Pakati pa Dar es Salaam ndi chigwa cha Kilombero njanji imadutsa m'nkhalango imene kale inkatchedwa Selous Game Reserve, ndipo mbali yake yaikulu inasanduka Nyerere National Park mu 2019. Cha ku Fuga, Matambwe ndi Kisaki anthu amaona nyamalikiti, mbidzi, nswala, njiri ndi anyani, ndipo amwayi amaonanso njovu. Sitima siima kuti mujambule. Khalani pazenera maso ali tcheru, makamaka m'nyengo yachilimwe pamene udzu wauma.

M'sitimamo munthu amagona bwanji?

Kalasi yoyamba ili ndi zipinda za mabedi anayi, awiri pansi awiri pamwamba. Yachiwiri ili ndi mabedi asanu ndi limodzi. Palinso mabogi a mipando yokhayokha, otsika mtengo, amene ndi abwino pa ulendo wa maola ochepa koma amatopetsa mukati mugonemo kawiri. M'zipinda zogona amapereka zofunda.

Chimene chimadabwitsa ambiri n'choti amuna ndi akazi amagona zipinda zosiyana. Banja likafuna kukhala pamodzi liyenera kugula mabedi onse a chipindacho. Kwa anthu atatu kapena anayi oyenda limodzi palibe vuto, ndipo chipinda chanuchanu chimakupatsani ufulu wotsegula zenera usiku kapena kudzuka m'mamawa osasokoneza wina. Mabedi a kalasi yoyamba amatha msanga, makamaka nthawi ya tchuthi cha ana asukulu ndi ya Khirisimasi, choncho sungitsani malo masiku angapo ulendo usanafike.

Zimbudzi ndi mosambira zili kumapeto kwa bogi. Madzi amatha kutha ulendo uli mkati, ndiye sambani tsiku loyamba pamene alipo.

Nanga chakudya?

Muli bogi yodyeramo imene amaphikamo ugali (nsima) kapena mpunga ndi nkhuku, ng'ombe kapena nsomba, m'mawa tiyi, mazira ndi buledi. Muli ndi bala. Koma chakudya chokoma kwambiri chimabwera pazenera. Sitima ikangoima, amayi ndi ana amathamangira m'mbali mwake atasenza madengu, ndipo zimene akugulitsa zimakuuzani kumene muli: kokonati ndi malalanje kufupi ndi nyanja, nthochi, nsomba zokazinga ndi mpunga m'chigwa cha Kilombero, mbatata ya kachewere ndi tomato ku Makambako, mapeyala ndi nthochi ku Mbeya, mtedza, chinangwa ndi bowa wa m'dzinja mbali ya Zambia. Khalani ndi ndalama zing'onozing'ono, chifukwa sitima ikaliza wezulo palibe nthawi yofunafuna chenji.

Pa malire zimayenda bwanji?

Akuluakulu oona za anthu olowa ndi otuluka m'dziko amadinda mapasipoti pa Tunduma mbali ya Tanzania ndi pa Nakonde mbali ya Zambia. Matauni awiriwa anagundana, koma sitima imaima nthawi yaitali ndithu. Fufuzani muli kunyumba ngati pasipoti yanu ikufuna viza, ndipo tengani khadi lachikasu la katemera ngati muli nalo.

Kumbukirani zinthu zitatu. Nthawi ya Tanzania ili patsogolo ndi ola limodzi poyerekeza ndi ya Zambia. Ndalama zimasinthanso: shilingi mbali ya Tanzania, kwacha ya Zambia mbali inayo, ngakhale m'bogi yodyeramo. Osintha ndalama amakwera m'sitima pa malire, ndipo ndi bwino kudziwiratu mtengo wa tsikulo ndi kuwerenga ndalama zanu iwo asanachoke. Chachitatu, olankhula Chiswahili amayamba kuwerenga maola dzuwa likatuluka, moti ola lawo loyamba ndi 7 koloko m'mawa. Wina akakuuzani nthawi yonyamukira, onetsetsani kuti akuwerenga njira iti.

Ndi nyengo iti yabwino kuyenda?

Kuyambira Juni mpaka Okutobala mvula kulibe, kumwamba kumayera ndipo njanji siivuta kawirikawiri. Mwezi wa Juni ndi Julayi ku Makambako ndi ku Mbeya kumazizira zedi, makamaka m'bandakucha pamene mukufuna kukhala pazenera. Chakumapeto kwa chilimwe utsi wa moto wolusa umaphimba mapiri akutali.

Dzinja, kuyambira Disembala mpaka Epulo, ndi pamene dziko limakongola koposa. Mapiri amabiriwira, mathithi amatsika m'matanthwe a Udzungwa, mitsinje imadzaza pansi pa milatho. Koma ndi nthawinso ya zigumukire ndi kuchedwa. Ine ndingasankhe Meyi kapena kumayambiriro kwa Juni, mvula italeka koma msipu usanaume.

Nditenge chiyani?

Juzi kapena jekete ngakhale mutanyamukira m'thukuta la Dar es Salaam. Madzi akumwa okwanira, pepala la kuchimbudzi, sopo, tochi, mankhwala othamangitsa udzudzu chifukwa chigwa cha Kilombero chili ndi malungo ambiri, ndi batire losungira moto wa foni popeza masoketi a m'sitima sadalirika. Netiweki imasowa kwa maola m'mapiri ndi m'nkhalango, choncho auzeni apabanja asade nkhawa mukakhala chete. Ngati mumamwa mankhwala tsiku ndi tsiku, tengani a masiku awiri owonjezera.

Kodi mbali ya Zambia ilinso ndi choona?

Ilibe maphompho ngati a ku Mlimba, zimenezo tisabise. Ndi dziko lokwera koma loyalana, la nkhalango ya mitengo ya mombo yosatha, madambo, ndi zitunda zamiyala zotumphuka apa ndi apo. Ena amaona ngati ndi lotopetsa. Koma lili ndi kukongola kwake, makamaka mu Ogasiti ndi Seputembala pamene masamba atsopano a mombo amatuluka ofiira asanasanduke obiriwira. Pakati pa Kasama ndi Mpika sitima imaoloka mtsinje wa Chambeshi, umene madzi ake amakathera mu mtsinje wa Congo. Ku Mpika kuli likulu la TAZARA la mbali ya Zambia ndi malo okonzera sitima. Otsikira ku Kasama angakaone mathithi a Chishimba, ndipo ochokera ku Serenje amapita ku Kasanka National Park, kumene mileme mamiliyoni imasonkhana chaka chilichonse kuyambira kumapeto kwa Okutobala mpaka Disembala.

Ndilibe masiku awiri. Ndikwere chigawo chiti?

Dar es Salaam mpaka Mbeya. Ndi usiku umodzi ndi masana amodzi, ndipo muli zonse: nkhalango ya nyama, chigwa cha Kilombero, chitunda cha Mlimba, dambo la Usangu, ngakhale zina mumazidutsa usiku. Palibenso za malire. Ochokera ku Malawi odzera pa chipata cha Songwe nawonso siteshoni yawo yapafupi ndi Mbeya.

Amene amakonda kuyenda wapansi atsike pa Mang'ula. Chipata cha Udzungwa Mountains National Park, imene inakhazikitsidwa mu 1992, chili pafupi ndi siteshoni. Mulibe misewu ya galimoto m'nkhalangomo, mumalowa ndi mapazi. Njira yodziwika kwambiri imakwera ku mathithi a Sanje, otalika mamita 170, ndipo mukaima pamwamba pake mumaona chigwa chonse ndi minda ya nzimbe. M'mapiri amenewa muli mitundu ya anyani imene sipezeka kwina kulikonse padziko. Kungoti mukatsika, sitima ina siibwera mawa lake, ndiye konzekerani kugona masiku angapo kapena kupitiriza pa basi.

Kodi ulendowu ndi wabwino kwa ana ndi achikulire?

Ndi wabwino kuposa basi, chifukwa munthu amatha kuimirira, kuyendayenda ndi kugona chowongoka. Achikulire apemphe bedi lapansi pogula tikiti. Ana musawalole kutulutsa mutu kapena mkono pazenera m'mapiri, popeza makoma a ngalande ndi nthambi zimadutsa pafupi kwambiri, ndipo agwireni dzanja powoloka kuchoka bogi ina kupita ina. Usiku tsekani chitseko ndi zenera sitima ikaima pa siteshoni, ndipo foni kapena chikwama zisakhale pafupi ndi zenera lotsegula.

Ndikafika ku New Kapiri Mposhi ndipita bwanji ku Lusaka?

Lusaka ili pa mtunda wa makilomita pafupifupi 200 kumwera, pa msewu wa Great North. Maminibasi amadikira sitima pa siteshoni, ndipo m'tauni ya Kapiri Mposhi mumadutsa mabasi akuluakulu opita ku Lusaka komanso ku Ndola ndi Kitwe. Ulendo wa ku Lusaka umatenga maola atatu kapena anayi malinga ndi kuchuluka kwa malole pamsewu. Sitima ikafika usiku kwambiri, ndi bwino kugona m'tauniyo n'kunyamuka kukacha.